Khutba ya Jumu'ah: Tisanatulutse Buku M'kalasi

Tikumutamanda Allah, Mwini kudziwa konse, ndipo tikumupempha madalitso ndi mtendere kwa Mtumiki Muhammad, akubanja lake ndi maswahaba ake. Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, ndikudzilangiza ndekha pamodzi ndi inu kuti timuope Allah.

Mwana wa ku sekondale akabwera ndi buku lotchula za dama, uchidakwa kapena nkhanza, kholo limapsa mtima n'kufuna kuti bukulo lichotsedwe m'kalasi. Nkhawayo ndi yomveka, pakuti ana ndi amana imene tidzafunsidwa pa Tsiku la Chiweruzo. Koma kodi buku lililonse lotchula choipa ndi loipa?

Qur'an yolemekezeka sinabise kudzikweza kwa Iblis ngakhale mawu achipongwe a Firiauna. Surat Yusuf ikufotokoza m'mene mkazi wa nduna ya ku Iguputo anamunyengerera Mneneri Yusuf, mtendere ukhale naye, ndipo surayi timawaphunzitsa ana kumadrasa. Ikuonetsa choipacho pamodzi ndi mathero ake, kuti wowerenga achenjere. Choncho muyeso wathu ukhale uwu: kodi bukuli likuvula choipa kapena likuchikometsera? Likunena zoona kapena bodza? Likugwirizana ndi msinkhu wa mwana?

M'chaka cha 2022 Unduna wa Zamaphunziro muno m'Mozambique unachotsa buku la Ciências Sociais la kalasi ya 6 chifukwa linali ndi zolakwika zambiri. Kumeneko kunali kuchita bwino, pakuti kuphunzitsa mwana zabodza ndi kumulakwira. Koma mabuku ena amadedwa chifukwa chonena zoona. Luís Bernardo Honwana anatulutsa "Nós Matámos o Cão-Tinhoso" m'chaka cha 1964, buku loonetsa kunyozedwa kwa anthu akuda pansi pa atsamunda, ndipo chaka chomwecho apolisi a PIDE anamutsekera m'ndende. Nafenso Asilamu tinapunthwapo: "Ihya Ulum al-Din" ya Imam al-Ghazali inatenthedwa ku Córdoba molamulidwa ndi mafumu achisilamu, koma lero ma sheikh a dziko lonse amaphunzitsa kuchokera m'menemo.

Tsono musaweruze buku ndi tsamba limodzi limene mwalandira pa WhatsApp. Surat Al-Hujurat ikutilamula kufufuza nkhani tisanachitepo kanthu. Liwerengeni lonse. Ngati Chipwitikizi chikukuvutani, mwana akuwerengereni n'kukumasulirani, mukambirane. Nkhawa ikatsala, pitani nayo kwa aphunzitsi ndi ku Conselho de Escola mwaulemu, muli ndi umboni m'manja. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dziwaninso kuti buku likachoka m'kalasi, nkhani yake siichoka m'dziko. Mwana adzakumana nayo pa foni kapena pamsika, popanda mphunzitsi kapena kholo lomuongolera.

E, Allah! Tionetseni choona ndipo mutipatse mphamvu yochitsata. Atetezeni ana athu a kuno ku Chifunde, muwaonjezere maphunziro aphindu. Ameen.