Mfundo Zofunika pa Moyo wa Milton Friedman

Milton Friedman anabadwa mu 1912 ku Brooklyn, mumzinda wa New York, kwa makolo achiyuda osauka ochokera ku Ulaya. Anaphunzitsa zachuma pa Yunivesite ya Chicago kwa zaka pafupifupi 30, analandira mphoto ya Nobel mu 1976, ndipo anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 94.

1. Umphawi sutseka mutu wa mwana. Bambo ake anamwalira iye asanamalize sekondale, ndipo pa Yunivesite ya Rutgers ankadzithandiza ndi maganyu, kuperekera zakudya m'lesitilanti.

2. Kupinda manja pamene uli ndi mphamvu zothandiza ndi mlandu. Mu 1963, iye ndi Anna Schwartz anatulutsa buku la mbiri ya ndalama za America, atasanthula malekodi a zaka pafupifupi 100. Anasonyeza kuti pakati pa 1929 ndi 1933 ndalama m'dzikomo zinachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Anthu ankafola pakhomo pa banki kuti atape zawo, mabanki zikwizikwi n'kutsekedwa, Federal Reserve, banki yaikulu ya dzikolo, ikungoyang'ana. Mu 2002 Ben Bernanke, mmodzi mwa akuluakulu a banki yaikuluyo, anavomera pamaso pa Friedman kuti bankiyo ndiyo inalakwitsa.

3. Wosindikiza ndalama mosasamala amabera osauka. Apa ndiye pagona chiphunzitso cha Friedman: mitengo ikamakwera chaka ndi chaka osaleka, ndiye kuti ndalama zikuchuluka kuposa katundu wogula nazo. Timathamangira kuloza chala wamalonda, koma wamalonda sasindikiza ndalama. Abale athu a ku Zimbabwe anaziona mu 2008, mtengo wa buledi ukusintha tsiku lisanathe, mpaka kumayambiriro kwa 2009 boma linatulutsa pepala limodzi la madola 100 thililiyoni. Wolemera amathawitsira chuma chake m'nyumba, m'minda kapena m'ndalama zakunja. Koma mphunzitsi wopuma pantchito amene amadalira penshoni, ndi mayi wosunga tindalama take pansonga ya chitenje, athawira kuti? Umenewu ndi msonkho umene palibe nyumba ya malamulo inaukambirana, ndipo ine ndimauona ngati wankhanza kuposa misonkho yonse.

4. Nenani zoona ngakhale muli nokha. Mu 1967, akatswiri ambiri akukhulupirira kuti boma lingathetse ulova polola mitengo kukwera pang'ono, iye anachenjeza kuti zimenezo n'zakanthawi, chifukwa antchito akazindikira amafuna malipiro okwera. M'zaka za m'ma 1970 ulova ndi kukwera kwa mitengo zinafikadi limodzi.

5. Samalani amene mukumupatsa nzeru zanu. Mu 1975 anapita ku Chile n'kukumana ndi Augusto Pinochet, msilikali amene boma lake linkapha ndi kuzunza otsutsa. Friedman ankati analangiza zachuma zokha, ndipo sankagwirizana ndi nkhanzazo. Komabe ndikuona kuti sanaganizire mokwanira mabanja amene ankalira abale awo osowa.

6. Katswiri nayenso amaphonya. Ankafuna kuti banki yaikulu izionjezera ndalama pa mlingo umodzimodzi chaka chilichonse. America ndi Britain zinayesa njira yofanana nayo kuyambira mu 1979. Mitengo inaleka kuthamanga, koma ulova unakula, ndipo kuyeza kuchuluka kwa ndalama kunavuta. Lero mabanki aakulu ambiri amawongolera chuma pokweza kapena kutsitsa chiwongoladzanja.