Malipiro a Cholembera

Kale mnyamata wa kunyanja akafuna ndalama ankalowa m'bwato kukakoka chilimira, ankatsegula kagolosale, kapena ankakwera basi ya ku Joni. Lero kwabwera njira ina imene makolo ambiri sitinaizolowere. Mwana amene anamaliza Fomu 4 kapena koleji amakhala pakhonde ndi foni kapena kompyuta n'kumalemba, ndipo pakapita masiku uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba umalowa. Palibe amene anamulemba ntchito. Amagulitsa nkhani imodziimodzi kwa amene waifuna. Tikamufunsa kumene ndalamazo zachokera, amangoti, "Ndalemba." Yankho limeneli limatisiya ndi funso: kodi mawu ndi katundu woti n'kugulitsa, ndipo n'chiyani chimene chimachititsa mtengo wake kukhala halaal?

Njira zopezera ndalama mwa kulemba n'zingapo. Pali kulembera nyuzipepala monga The Nation ndi The Daily Times, kumene wolemba wapadera amatumiza nkhani kwa mkonzi n'kulipidwa ikatuluka. Pali kulembera mabungwe ndi makampani malipoti, timabuku ta zaumoyo ndi zaulimi, kapena mauthenga otsatsa malonda. Pali kumasulira zolembedwa kuchokera m'Chingerezi kupita m'Chichewa kapena m'Chiyao. Pali misika ya pa intaneti monga Upwork ndi Fiverr, kumene munthu wa ku Mangochi angalembere wogula wa ku London amene sadzaonana naye. Mtengo amauwerengera pa liwu lililonse kapena pa nkhani yonse, ndipo Fiverr imadulapo 20 pa 100 iliyonse. Palinso kulembera munthu wina zimene iye adzaike dzina lake.

Tiyambe ndi kuchotsa manyazi amene ena amaika pa ntchitoyi. Kudya thukuta la cholembera si chinthu chachilendo pakati pa Asilamu. Mapepala atayamba kupangidwa ku Baghdad chakumapeto kwa zaka za m'ma 700, mumzindamo munakula msika wa anthu otchedwa warraq, amene ankakopera mabuku pamanja n'kumawagulitsa. Ibn al-Nadim, amene cha m'ma 987 analemba al-Fihrist, kaundula wamkulu wa mabuku a m'Chiarabu, anali mmodzi wa iwo. Yaqut al-Hamawi, katswiri wa za mayiko amene anamwalira mu 1229, anadzisunga kwa nthawi ndithu ndi ntchito yokopera mabuku. Ngakhale pa nkhani yovuta ya kulandira malipiro pophunzitsa Qur'an, Imam Malik ndi Imam Shafi'i analoleza. Akuluakulu oyambirira a madh-hab a Hanafi anakaniza, koma amene anadza pambuyo pawo analoleza ataona kuti mphunzitsi wanjala adzasiya ana n'kupita kumsika. Choncho kulipidwa chifukwa cha nthawi, luso ndi khama si tchimo.

M'malamulo a Chisilamu, kugwirira munthu ntchito yolipidwa kumatchedwa ijara, ndipo mfundo zake n'zomveka. Ntchitoyo ikhale yololedwa, idziwike bwino, malipiro adziwike, ndipo onse awiri agwirizane mosakakamizidwa. Kwa wolemba, izi zikutanthauza kumvana asanayambe: nkhaniyo italike bwanji, iperekedwe liti, mtengo wake ndi wotani, aikonza kangati, ndipo idzakhala ya ndani ikatha. Ndime yaitali kwambiri mu Qur'an, ya 282 mu Surat al-Baqarah, imalangiza kuti ngongole ilembedwe ndiponso kuti mlembi alembe mwachilungamo. N'zodabwitsa kuti anthu amene ntchito yawo ndi kulemba amaiwala kulemba pangano lawo, kenako n'kumadandaula. Wolipira nayenso ali ndi udindo. Mkonzi kapena bungwe limene latulutsa nkhani ya munthu n'kumamuzengereza miyezi ladya thukuta la mwini wake.

Komatu ijara imaona anthu awiri, wogwira ntchito ndi wolipira. Ntchito ya cholembera ili ndi munthu wachitatu amene sakhalapo pokambirana mtengo, sasainira pangano, ndipo sadziwa kuti ndalama zinadutsa. Ameneyu ndi wowerenga. Ndalama zimachokera kwa wolipira, koma chikhulupiriro chimachokera kwa wowerenga, ndipo n'chikhulupiriro chimenecho chimene chimapatsa nkhaniyo mtengo. Wolipira sakanatulutsa kobiri akanadziwa kuti palibe amene adzakhulupirire zolembedwazo. Apa ndi pamene pagona amana ya wolemba.

Ife a kunyanja tikudziwa chimene chimachitika wogulitsa akaika usipa wouma pamwamba pa ndowa, wonyowa pansi. Wogula amakazindikira ali kale ku Limbe kapena ku Lilongwe, nsomba zitayamba kununkha. Mu Sahih Muslim muli nkhani yofanana nayo. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anapisa dzanja m'mulu wa chakudya pamsika napeza kuti m'kati n'monyowa. Mwini wake ananena kuti ndi mvula. Mtumiki anamufunsa chifukwa chimene sanaike chonyowacho pamwamba kuti anthu achione, ndipo anachenjeza kuti wonyenga sali kumbali yake. Taonani kuti kunyowa sikunali mlandu. Mlandu unali kubisa.

Nkhani nayo ili ndi pamwamba ndi pansi pake. Wolipidwa pa liwu lililonse amayesedwa kuti atalikitse ndi mawu opanda kanthu, monga wothira madzi mumkaka. Wofulumira amayesedwa kuti akopere ntchito ya mnzake n'kusintha mawu awiri atatu. Kuyambira mu 2022, pamene ChatGPT inatuluka, yesero lakula: munthu angathe kutulutsa nkhani yonse m'kamphindi n'kuigulitsa ngati waivutikira, osafufuza n'komwe ngati zili m'menemo n'zoona. Chipangizocho pachokha si haraam, monga momwe injini ya boti si haraam. Koma ngati wogula walipirira ntchito ya mutu wa munthu, ayenera kuuzidwa chimene walandira.

Palinso ntchito imene imalipira msanga, yolemba maumboni abodza oyamikira katundu amene wolembayo sanamugwirepo, kapena mankhwala amene sanamwepo. Mtumiki analetsa najsh, kumene ndi kukweza mtengo pamsika mwachiphamaso, wokwezayo alibe cholinga chogula, kuti wina akopeke. Umboni wabodza ndi najsh ya cholembera. Chimodzimodzinso chipondamthengo chimene wolemba nkhani amalandira kwa munthu amene akumulemba. Wowerenga amaganiza kuti akumva mboni, pamene akumva wolankhulira wolipidwa. Uthenga wamalonda ukadzitcha uthenga wamalonda ulibe vuto. Ukavala mkanjo wa nkhani yofufuzidwa, chonyowa chapita pansi.

Nanga kulembera munthu wina kuti aike dzina lake? Apa m'pofunika kusiyanitsa. M'midzi mwathu munali anthu olembera anzawo makalata opita kwa amuna kapena ana amene anali ku migodi ya ku Joni ndi ku Harare. Wolandira kalatayo ankadziwa kuti mayi ake sadziwa kulemba, ndipo mawu anali a mayiwo ngakhale dzanja linali la wina. Palibe amene ananyengedwa. Kulembera mfumu kapena mkulu wa bungwe mawu oti akalankhule kuli chimodzimodzi, pakuti iye amawavomereza n'kuwasenza ngati ake. Koma kulembera wophunzira wa ku yunivesite ntchito imene aphunzitsi ake adzaichonge n'kosiyana, chifukwa cholinga cha ntchitoyo ndi kuyeza mutu wa wophunzirayo. Wonyengedwa woyamba ndi mphunzitsi. Wachiwiri ndi wodwala amene adzagone pamaso pa namwino wa satifiketi yogula, kapena mwana amene adzaphunzitsidwe ndi munthu wosadziwa. Dziko la Australia linaletsa malonda amenewa mu 2020, ndipo England anachita chimodzimodzi mu 2022. Ife sitifunika kudikira lamulo la boma kuti tidziwe dzina lake.

Wina adzati: "Mukulankhula mutakhuta. Ntchito kulibe, ndipo ndikakana ine, wina alemba." Mawu amenewa sitiyenera kuwapeputsa. N'zoona kuti ntchito yachinyengo nthawi zambiri imalipira msanga, ndipo wolemba woona mtima amayamba ndi ndalama zochepa, nthawi zina n'kubwezeredwa nkhani yake. Koma lamulo la dharura, lololeza choletsedwa pa nthawi ya ngozi, limakhudza munthu amene moyo wake uli pachiswe ndipo alibe njira ina. Silikhudza amene wapeza njira yachidule. Ndipo zoti wina alemba sizichotsa dzanja lathu pa zimene talemba ife. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mlomo wa wolemba umatsala papepala, n'kumalankhulabe kwa anthu amene iye sadzawaona, ngakhale ndalama zake zitatha kalekale.

Palinso phindu limene wachinyengo sangalipeze. Chuma cha wolemba wodziimira payekha ndi dzina lake. Mkonzi amabwerera kwa munthu amene manambala ake safuna kuwafufuzanso, amene amapereka ntchito pa tsiku limene analonjeza, amene amanena poyera kuti mutu uwu sindiudziwa. Wolembera ena mayeso sangaonetse aliyense ntchito yake, choncho zaka zimapita iye alibe chimene wamanga. Ndipo tili ndi nkhani zimene wolemba wa kutali sangazilembe monga ife: kuchepa kwa chambo m'nyanja ya Malombe, moyo wa amayi oyanika usipa pathandala, mbiri ya Nkhotakota ndi ma Jumbe ake. Zimenezi zimafuna miyendo, makutu ndi kuleza mtima.

Choncho mwana wathu akanena kuti wapeza ndalama mwa kulemba, tisamunyoze ndipo tisamukayikire msanga. Timufunse modekha mafunso awiri. Kodi amene wakulipira akudziwa chimene wagula? Nanga amene adzawerenge, atadziwa mmene nkhaniyi yalembedwera ndi amene wailipirira, adzaona kuti wapusitsidwa? Ngati yankho loyamba ndi inde ndipo lachiwiri ndi ayi, tilandire ufa umene wagula, timupemphere madalitso, ndipo timusiyire nyali kuti apitirize kulemba.