Mlendo Ndi Mame: Musanjenjemere pa Windo la Kazembe

Mwana wanu wamaliza maphunziro kunja ndipo akufuna mukamuone atavala mkanjo. Kapena ndi achimwene anu amene akumanga ukwati kutsidya kwa nyanja, ndipo akuti mwambo sungakome popanda wa kuchimuna. Kalata yokuitanani yafika, pasipoti ili m'chikwama, koma tulo sitikubwera. Mukangotsinzina mukuona windo lagalasi lija, kuseri kwake kuli munthu wolankhula Chingerezi cha m'mphuno, inu mawu akuthera pakhosi. Anthu akuuzani kale zambiri. Akuti amakana aliyense. Akuti ngati ku banki kulibe mamiliyoni musadzivute. Akuti m'tauni muli mkulu wina wodziwa njira yachidule.

Khalani pansi, amayi. Khalani pansi, bambo. Mantha amenewa tiwasende ngati chinangwa tione chimene chili m'kati.

Titenge America, chifukwa ndiko kumene kufunsa mafunso maso ndi maso kunakhazikika kwambiri. Dzikoli lili ndi lamulo la za anthu olowa ndi kutuluka limene linakhazikitsidwa mu 1952, ndipo gawo 214(b) la lamuloli ndi limene limayendetsa zochitika pa windo lija. Limati aliyense wopempha viza ya mlendo aziganiziridwa kuti akufuna kukakhazikika ku America, kufikira mwini wakeyo atasonyeza kuti adzabwerera kwawo. Aliyense! Dokotala wa ku India, wamalonda wa ku Brazil, mphunzitsi wa ku Ntcheu, onse amayambira pomwepo. Ndiye ofesala akakuyang'anani mokayikira, sikuti wanyoza chitenje chanu kapena waona kuti nsapato zanu ndi za pa kaunjika. Lamulo ndi limene lamutuma kuti akayikire. Adzakufunsani za ntchito, za ana, za amene akulipira ulendo, za masiku amene mukakhale, koma mafunso onsewo ndi funso limodzi lomwe langosintha malaya: kodi mudzabwerera? A ku Britain nawonso amafuna kukhutira kuti mudzatuluka ulendo wanu ukatha, ngakhale kuti iwo kawirikawiri amaweruza poona mapepala. Mayiko a ku Ulaya a mgwirizano wa Schengen, amene amalola mlendo kukhala masiku 90 pa masiku 180 aliwonse, amafunsanso zomwezo.

Funso limeneli lingatiopse bwanji ife? Makolo athu anayankha kalekale: mlendo ndi mame. Dzuwa likakwera, mame amakamuka. Tinakula tikuona azakhali akubwera ndi dengu la ufa, kucheza masiku atatu, kenako n'kumanga katundu ngakhale tikuwakakamiza kuti agonenso, chifukwa kwawo asiya mbuzi ndi ndime yosapalira. Palibe anawalembera tsiku lonyamukira. Chinkawakoka ndi moyo umene anausiya kumudzi. Chimene kazembe akufuna kuona mwa inu ndi chomwecho basi: chinthu chimene chidzakukokereni kwanu.

Ndipo inu muli nacho. Ndi kalasi lodzaza ndi ana limene likukudikirani teremu ikatsegulidwa. Ndi okala yanu ya pamsika imene mwaikuza kuchokera pa katoni imodzi ya sopo. Ndi maekala awiri a soya ofunika kukolola mvula ikatha. Ndi ngongole ya ku banki m'khonde imene mumabweza sabata ndi sabata, ndi agogo amene amadikira inu kuti mukawatengere mankhwala kuchipatala, ndi ana amene fizi yawo imachokera m'thumba mwanu, ndi udindo wanu ku mvano kapena ku kwaya. Zinthu zimenezi inu mumaziona ngati mtolo, koma pa windo lija ndi mboni zanu.

Apa ndi pamene ambiri timagwera, ndipo zimandipweteka mtima. Timachita manyazi ndi moyo wathu weniweni, n'kuyamba kubwereka moyo wa munthu wina. Mayi wogulitsa tomato, amene waphunzitsa ana ndi geni yomweyo, akudzilemba kuti ndi mkulu wa kampani. Mnyamata wosakwatira akutulukira ndi setifiketi ya ukwati. Akaunti imene chaka chonse imalowa ndalama pang'onopang'ono, mwadzidzidzi yatupa ndi mamiliyoni a malume kutatsala sabata imodzi. Mukuganiza kuti munthu amene ntchito yake ndi kuona mapepala otere kuyambira m'mawa mpaka madzulo sangazindikire ndalama yongobwera kudzajambulitsa? Akaunti yaing'ono imene ikuonetsa malipiro akulowa mwezi ndi mwezi imalankhula momveka kuposa phiri la ndalama losadziwika kumene lachokera. Ngati ulendo akulipira ndi mwana wanu, nenani choncho. Kodi pali cholakwika kuti mwana alipirire kholo lake ndege? Si ndicho munamuphunzitsira?

Madobadoba athaweni ngati mliri. Amalankhula mokoma, amalumbira kuti ali ndi munthu wawo m'kati, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Fomu yofunsira viza ya ku America, yotchedwa DS-160, imalembedwa pa intaneti, ndipo ngakhale wina akuthandizeni kulemba, mawu onse ali mmenemo amatengedwa kuti ndi anu. Musalole kuti itumizidwe musanawerenge mzere uliwonse. Kuyambira mu 2019 fomuyi imafunsanso mayina amene mwagwiritsa ntchito pa masamba a mchezo monga Facebook m'zaka 5 zapitazo. Tsiku la mafunso amatenga zidindo za zala zanu zonse 10. Zala sizisintha, ndipo kompyuta siiwala. Wopezeka kuti ananama dala pa nkhani yofunika kuti apeze viza akhoza kuletsedwa kulowa ku America moyo wake wonse. Ku Britain chinyengo chotere chingamutsekere munthu chitseko kwa zaka 10. Dobadoba adzakhala atadya kale ndalama yanu, foni yake yosapezeka, koma bodza lija lidzatsala pa dzina lanu ndi pa zala zanu.

Tsono za tsikulo. Zofunika kunyamula si zambiri: pasipoti imene idakali ndi moyo miyezi 6 kupitirira nthawi ya ulendo wanu, tsamba lotsimikiza kuti DS-160 inatumizidwa, lisiti ya ndalama, ndi chithunzi cha mainchesi 2 mbali zonse, chakumbuyo koyera, chojambulidwa m'miyezi 6 yapitayi, osavala magalasi. Ndalama yofunsira viza ya mlendo inakwera kufika madola 185 mu Juni 2023, ndipo siibwezedwa kaya mwapatsidwa kaya mwakanidwa. Tikiti ya ndege musagule viza isanatuluke. Kalata ya abwana anu, mapepala a banki ndi a bizinesi tengani, koma musadabwe ofesala akapanda kuwayang'ana n'komwe. Ngakhale kalata yokuitanani ija, boma la America limanena poyera kuti si imene imachititsa kuti munthu apatsidwe viza. Sakuweruza mwana wanu amene ali kunjayo. Akumvetsera inu.

Kucheza kwake n'kwa mphindi zochepa, ndipo mumayankha muli chiimire. Chikhalidwe chathu chinatiphunzitsa kuti polankhula ndi wamkulu uziyang'ana pansi, uzitsitsa mawu, uziyamba ndi mawu ozungulira usanafike pa nkhani. Ulemu umenewo ndi chuma, ndipo sindingakuuzeni kuti muutaye. Koma pa windo lija, kuyang'ana pansi ndi kung'ung'udza kungaoneke ngati mukubisa kanthu. Tukulani nkhope. Tulutsani mawu ngati mmene mumachitira popereka malonje pa chinkhoswe. Akakufunsani chimene mukukachita, musayambire pa mbiri ya banja lonse. Nenani kuti mukupita ku mwambo wa mwana wanu womaliza maphunziro, mukakhala masabata atatu, ndipo mubwerera chifukwa sukulu imene mumaphunzitsa ikutsegulidwa. Basi, dikirani funso lina. Ngati simunamve, pemphani kuti abwereze. Palibe amene anakanidwa viza chifukwa chofuna kumvetsa funso. Musaloweze mayankho ngati ndakatulo ya pa tsiku lotsekera sukulu, chifukwa woloweza akangosokonezedwa pang'ono amagwa. Wonena zoona safunika kuloweza. Dzina la mudzi wanu munaloweza liti? Mtengo wa thumba la feteleza amene munagula chaka chatha mungauiwale?

Chingerezi chanu chisakuchititseni manyazi. Simukupita kukalemba mayeso a MSCE.

Ndikanakhala wachinyengo ndikanabisa kuti masiku ano njira ya ku America yatithinira. Pa 20 Ogasiti 2025, Malawi ndi Zambia anakhala mayiko oyamba amene nzika zake zinayamba kulamulidwa kupereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 zisanalandire viza ya mlendo, ndalama yobwezedwa munthu akatuluka m'dzikolo nthawi yake isanathe. Chifukwa chimene anapereka chinali kuchuluka kwa anthu opitirira masiku awo. Kenako mu Disembala 2025 kunatuluka chilengezo choimika viza za alendo kwa nzika za mayiko angapo, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, kuyambira pa 1 Januwale 2026. Zimawawa. Zimawawa kuona gogo wosalakwa akulephera kukanyamula mdzukulu wake chifukwa cha anthu amene sanawaonepo. N'chifukwa chake musanalipire tambala iliyonse, yambani mwawerenga zimene ofesi ya kazembe yalemba pa tsamba lake la pa intaneti, osati zimene zikuzungulira pa WhatsApp.

Koma musafooke. Malamulo otere amabwera ndi maboma, ndipo amasintha ndi maboma. Chitseko chotsekedwa ndi chilengezo chimatsegulidwanso ndi chilengezo china. Chimene sichifufutika ndi mbiri imene mwalemba nokha. Ndiye nthawi yodikirayi isakhale yokhala manja lende. Ndalama za geni zichokemo m'chitini zizidutsa ku banki, kuti pakatha chaka pakhale pepala losonyeza thukuta lanu. Bizinesi yanu ilembetseni m'kaundula wa boma. Mapepala a malo anu alongosoleni. Mukapita ku Lusaka, ku Dar es Salaam kapena ku Joni kukaoda katundu, dutsani pa chipata, dinditsani pasipoti, ndipo bwererani masiku amene anakupatsani asanathe. Chidindo chilichonse cholowera chimene chili ndi chinzake chotulukira ndi mboni yosagulidwa ndi ndalama. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo dziko si America yokha. Mbiri yomweyi ndi imene idzakuyankhulireni mukadzafuna kukaona m'bale ku Manchester, ku Dublin kapena ku Oslo.

Nanga a ku America akakukanani? Zimachitika, ngakhale kwa anthu oona mtima amene anakonzekera bwino. Kawirikawiri mudzapatsidwa kapepala kotchula gawo 214(b) lija, pasipoti n'kubwezedwa pomwepo. Mtima udzawawa, ndalama yapita, ndipo kunyumba akudikira uthenga. Lirani ngati misozi yabwera. Koma mvetsani chimene kapepalako kakunena: kuti tsiku limenelo, m'mphindi zochepa zija, ofesala sanakhutire kuti mudzabwerera. Sikakunena kuti ndinu wakuba. Sikakunena kuti ndinu wopanda pake. Sikakuletsani kudzayesanso. Apilo palibe, koma mukhoza kulemba fomu yatsopano ndi kulipiranso. Kungoti musathamangire kubwerera mawa lake ndi nkhani yomweyo. Dikirani mpaka china chake chitasintha pa moyo wanu: ntchito yakhazikika, bizinesi yakula, mwayendako kwina n'kubwerera. Ndipo fomu ikadzafunsa ngati munakanidwapo, yankhani kuti inde. Iwo akudziwa kale. Kukanidwa si mlandu, koma kubisa kuti unakanidwa ndiwo mlandu.

Tsiku lina pasipoti idzabwera ili ndi viza m'kati. Lululutani, imbani foni, thokozani Mulungu. Kenako kumbukirani kuti viza imangokufikitsani pa chipata. Ofesala wa pabwalo la ndege ndi amene amakulolani kulowa, ndipo tsiku limene muyenera kutuluka limalembedwa pa chikalata cholowera chotchedwa I-94. Tsiku limenelo lilembeni pa chikhatho. Kumeneko mudzapeza okunong'onezani kuti ingotsalani, pali ganyu yosamalira okalamba, ndalama zake n'zabwino. Viza ya mlendo siilola kugwira ntchito. Wopitirira nthawi yake ndi masiku oposa 180 amaletsedwa kubwereranso kwa zaka 3, ndipo wopitirira ndi chaka amaletsedwa kwa zaka 10. Kuposa apo, aliyense wotsala amathinitsa njira ya mphunzitsi, namwino ndi gogo amene aima pamzere pambuyo pake. Chikole chija sichinagwe kuchokera kumwamba.

Pitani mukaone mwana wanu akulandira digiri. Jambulitsani, idyani, onani chipale chofewa ngati ndi nyengo yake. Masabata atatu akakwana, mangani katundu monga ankachitira azakhali aja, ngakhale adzukulu akukugwirani chitenje. Ndege ikadzatera ku Lumbadzi kapena ku Chileka, perekani pasipoti kwa ofesala wa kwathu, mumve chidindo chikugunda pa tsamba, ndipo muone deti lake musanatseke bukulo. Kunja akukudikirani, ndipo soya uja wauma.