Khala pansi kaye, mdzukulu wanga

Mdzukulu wanga, ndakhala ndikukuona. Kombi ikakutsitsa pa Chigovanyika madzulo umalowa m'nyumba muno thupi lokha, mtima utatsala ku Harare. Nsima umameza ngati mankhwala, maso ali pa foni, ndipo pakati pa usiku ndimakumva ukutembenuka. Anzathu Achishona matenda amenewa amawatcha kufungisisa. Ife kwathu timangoti maganizo.

Ndikuwadziwa chifukwa ndi amene anadya agogo ako aamuna. Anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito ku Salisbury, nakalambira kuno ku St Mary's. Lamulo la unzika litasintha mu 2001, anthu ngati ife tinauzidwa kuti ndife alendo m'dziko limene tinaberekeramo ana. Kenako mu 2005 kunabwera Murambatsvina, zipinda zakuseri zimene tinkachititsa lendi zinagwetsedwa. Bambo aja sanalire, sanadandaulire munthu. Ankangokhala pakhonde, chete, mpaka thupi linatha. Ine ndinkayesa kuti ndiko kulimba kwa mwamuna. Ndinalakwa, ndipo sindifuna kulakwanso pa iwe.

Pa makiliniki ena kuno ku Chitungwiza, monganso ku Harare ndi ku Gweru, pamakhala benchi la matabwa panja, pamthunzi. Amalitcha Friendship Bench. Analiyambitsa ndi dokotala wa matenda a maganizo, a Dixon Chibanda, ku Mbare mu 2006, pamodzi ndi agogo 14. Wodwala wawo wina anali atadzipha, atalephera kubwera kuchipatala chifukwa chosowa ndalama ya basi, ndiye iwo anati thandizo lizipezeka kumene anthu akukhala. Pa benchipo sipakhala jakisoni. Pamakhala gogo ngati ine, wophunzitsidwa kumvetsera. Choyamba amati kuvhura pfungwa, kutsegula maganizo: umakhuthula zonse, iye osakudula pakamwa, osakuweruza. Ukatha amakufunsa kuti pa mavuto onsewa tiyambe ndi liti. Limodzi lokha. Kenako kusimudzira ndi kusimbisa, kukudzutsa ndi kukulimbitsa, mpaka njira uipeze wekha. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti patatha miyezi 6, mwa anthu 100 amene anakhala pa benchi, pafupifupi 14 okha ndi amene anali akadali ndi zizindikiro za matendawa, pamene mwa amene sanakhalepo anali pafupifupi 50.

Mng'ono wako anandiwerengera pa foni kuti ku America kuli anthu ophunzira amene amaphunzitsa zofanana. A Jon Kabat-Zinn, kuyambira mu 1979, amaphunzitsa odwala kuika mtima pa mpweya umene akupuma ndi pa chimene chikuchitika nthawi yomweyo. A Martin Seligman amati usanagone uzikumbukira zabwino zitatu za tsikulo ndi chimene chazibweretsa. Ndinamva ndipo ndinavomereza, pakuti amayi anga ankanena zomwezo m'mawu awo: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Iwe ukukhala mawa ndi dzulo. Lendi ya mwezi wamawa, ntchito imene inatha chaka chatha, Joni kumene anapita anzako. Lero lokha ndi limene sukhalamo.

Koma undimvetse bwino. Sindikuti uzimwetulira pamene mpopi wauma sabata yachitatu, kapena uziti zonse zili bwino pamene sizili bwino. Kuthokoza kobisa bala kumaoletsa mwendo. Kuthokoza ndi kuona zoona zimayendera limodzi, ndipo choyamba n'kuona zoona. Ukaima pamzere wa pamjigo ndi zigubu zako, mtima ukayamba kuthamanga, siya foni m'thumba. Imva mapazi ako pansi, puma pang'onopang'ono kasanu, ndipo chimene chakugwiracho uchitchule dzina: awa ndi mantha, uwu ndi mkwiyo. Osalimbana nacho, osachithawa. Mtima ukakhazikika, pamenepo ndiye uwerenge zimene zatsala m'manja mwako. Manja ako amadziwa kukonza njinga za moto. Mlongo wako amakudalira. Dzulo mwana wa pakhomo lina anakuthamangira kudzakusenzera chigubu, ndipo iwe sunamuone n'komwe.

Amene amaliza pa benchi amakumana m'magulu otchedwa Circle Kubatana Tose. Amakhala mozungulira, wina akulankhula ena akumvetsera, manja akuluka zikwama za mapepala apulasitiki otayidwa. Amuna ambiri amachita manyazi kupitako, ndipo ndikudziwa kuti nawenso ukuganiza za mmene anzako akakusekere. Ndinaona kumene manyazi amenewo anafikitsa agogo ako.

Lachiwiri ndikupita kukatenga mankhwala anga a BP. Undiperekeze. Ine ndikalowa mkati, iwe ukakhale pa benchipo.