Khutba ya Ijumaa: Mwana Amene Azana Siimufika

Tikuyamika Allah amene analenga khutu ndi diso, nalenganso dzanja. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo komanso Mtumiki wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake ndi pa maswahaba ake. Inu akapolo a Allah, tilangizane kumuopa Allah poyera ndi mseri.

Funso la lero tinafunsidwa ndi mayi wina pakhomo la mzikiti. Mwana wake anadwala matenda oumitsa khosi ali wakhanda, ndipo atachira anasiya kuona ndi kumva komwe. Tsopano wafika msinkhu umene anzake akuthamangira ku madrasa. Mayiyo anati: "Ashehe, mwana wanga sanamvepo azana, ndipo sadzaona chilembo ngakhale chimodzi cha Qur'an. Kodi Allah akamuweruza bwanji?"

Mbali yoyamba ya yankho njopepuka. Mu Sura Al-Isra, ndime 15, tikuphunzitsidwa kuti chilango sichigwera anthu amene uthenga sunawafike. Imam Ahmad analandiranso hadisi, kudzera mwa Al-Aswad ibn Sari', yonena za anthu anayi amene adzapereke dandaulo lawo pa tsiku la Kiyama, ndipo woyamba mwa iwo ndi wogontha amene Chisilamu chinafika iye osamva kanthu. Tsono ngati wogontha ali ndi chodandaulira, nanga amene makomo onse awiri anamutsekekera? Mayi, khazikani mtima pansi. Mwana wanu alibe ngongole pa zimene sizinamufike.

Koma abale ndi alongo, yankho limeneli ena a ife timalikonda pa chifukwa cholakwika. Timati: poti mwanayo alibe mlandu, musiyeni agone m'nyumba, adye, avale, nkhani yatha. Apa mpamene tikuphonya. Ngati uthenga sunamufike, anayenera kuufikitsa ndani? Ngongole imene yachoka pamutu pa mwanayo sinauluke ndi mphepo; yatera pa ife. Akuluakulu a malamulo a Chisilamu amatchula ntchito zina kuti fardh kifaya: akaichita ena mokwanira, onse apepukidwa, akaisiya onse, tchimo ligwera onse. M'kuona kwathu, kumutsegulira mwana wotereyu njira yolankhulana ndi anthu ndi imodzi mwa ntchito zimenezo.

Kumbukirani chiyambi cha Sura Abasa. Abdullah ibn Umm Maktum, munthu wakhungu, anadza kudzafuna maphunziro pamene Mtumiki anali otanganidwa ndi akuluakulu a Quraysh, ndipo Mtumiki anakwinya nkhope natembenukira kumbali. Abdullah sakanatha kuiona nkhope imeneyo, komabe Allah anaiona, ndipo anadzudzula. Pambuyo pake munthu yemweyo anakhala woitanira swala pamodzi ndi Bilal, ndipo kangapo anasiyiridwa Madina Mtumiki akapita pa ulendo. Mwana wosaona ndi wosamva sadziwa kuti tamulambalala, sadziwa kuti tamutsekera m'chipinda alendo atabwera. Kusadziwa kwake sikufafaniza zimene angelo alemba.

Wina anganene kuti, nanga tilankhula naye bwanji? Khomo latsala, ndilo khungu la thupi lake. Helen Keller anabadwa mu 1880 ku Alabama, ku America, ndipo anataya kuona ndi kumva ali ndi miyezi 19. Mu 1887 mphunzitsi wake Anne Sullivan anaika dzanja lake limodzi pa madzi otuluka pa mpope, kwinaku akulemba dzina la madzi m'chikhato chinacho, mpaka mwanayo anazindikira kuti chinthu chilichonse chili ndi dzina. Mu 1904 anamaliza maphunziro ake ku Radcliffe College. Sikuti mwana aliyense adzafika kumeneko, ndipo sitimuyesa ulemu wake ndi digiri. Chimene tikuona nchakuti nzeru zinalimo kale; zinkadikira dzanja lopirira.

Aphunzitsi a ana otere amayambira pa zinthu zimene zili m'nyumba iliyonse. Musamudzidzimutse mwana: mukhudzeni kaye paphewa, ndipo mulole agwire chizindikiro chanu, kaya mphete, kaya chibangili, kaya ndevu, kuti adziwe wafika ndani. Musanamupatse phala, mugwiritseni supuni. Musanamusambitse, mugwiritseni sopo. Tsiku ndi tsiku chinthu chomwecho pa nthawi yomweyo, kufikira supuniyo itasanduka liwu. Ikani dzanja lanu pansi pa dzanja lake, osati pamwamba, kuti akafuna kukana athe kuchotsa. Dzanja ndilo diso lake, ndipo diso la munthu sitiligwira mokakamiza. Musasunthesunthe mipando ndi mitondo m'njira zimene wazoloweramo. Ambiri mwa ana awa amakhala ataona kapena kumva pang'ono, choncho apititseni kuchipatala akawayeze maso ndi makutu.

Ndipo taonani mmene chipembedzo chathu chimamufikira kudzera m'thupi. Wudhu ndi madzi pamanja, pankhope ndi pamapazi, mwa ndondomeko imene siisintha. Pa swala timaima phewa ndi phewa. Amene ali pambali pa bambo ake amamva bambowo akuwerama, amamva akugwetsa mphumi pansi. Tasbih amawerengedwa ndi zala. Mwana ameneyu ali ndi malo mumzere wathu.

Kwa makolo tinene poyera: ulumali uwu uli ndi zifukwa zodziwika, monga rubella imene mayi angadwale ali woyembekezera, matenda oumitsa khosi, malungo a muubongo, kubadwa masiku osakwana, ndi matenda otengera kwa makolo otchedwa Usher, amene mwana amabadwa wosamva kenako maso nkumazilala akamakula. Tileke kuloza agogo ufiti, tileke kutha ndalama kwa asing'anga, ndipo katemera wa chikuku ndi rubella tisamuzembe. Mwamuna amene wathawa banja chifukwa cha mwana wotere wathawa amana imene Allah anamusungitsa.

Dziko lathu la Mozambique linavomereza mu 2012 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, ndipo ndime 24 ya panganolo imatchula ana osaona ndi osamva pa nkhani ya maphunziro. Boma linakhazikitsa malo othandizira maphunziro ophatikiza onse ku Macia, ku Nampula ndi ku Tete. Koma kuchokera kumidzi ya m'mbali mwa nyanja ku Niassa, kumeneko nkutali, ndipo mphunzitsi mmodzi sangagwire manja a ana makumi nthawi imodzi. Ntchitoyi imafuna munthu mmodzi pa mwana mmodzi. Tsono sadaka yathu ilipire ulendo wa banja lopita kukayezetsa mwana. Komiti ya mzikiti isankhe mwalimu mmodzi akaphunzire chinenero cha manja. Amayi a mpingo wathu azisinthana kukhala ndi mwanayo, kuti mayi ake apume, apite kumunda, abwerenso ku Ijumaa.

Ya Allah, limbitsani manja a makolo ndi aphunzitsi a ana awa, ndipo mutikhululukire pa masiku amene tinawatembenukira kumbali. Imirirani tiswali.