Kuchikazi kwa Yesu N'kuti?

Kuno kunsi kwa mapiri a Dedza, munthu akafuna kukudziwa bwino safunsa za ntchito yako. Amafunsa kuti ndiwe wa bele liti, nanga atsibweni ako ndani, pakuti pa Chichewa mwana ndi wa kuchikazi. Funso lomweli ndikulifunsa za Yesu amene timampembedza ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka. Yankho lake n'lachidule: Mariya anali Myuda. Nawonso Ayuda, pa mwambo wawo, amati wobadwa kwa mayi wachiyuda ndi Myuda. Choncho pa miyambo yonse iwiri mlandu ngwakutha: Yesu kwawo ndi kwa Ayuda.

Nanga bwanji dzina la mtundu umenewu limawawa m'kamwa mwa Akhristu ambiri? Pa Lachisanu Loyera ana amamva kuti Ayuda ndiwo anapha Ambuye, nakula akuipidwa ndi anthu amene sanawaonepo. Timaiwala kuti wolamula kuti Yesu apachikidwe anali Pilato, Mroma, ndiponso kuti amayi amene analira patsinde pa mtanda, pamodzi ndi atumwi onse, anali Ayuda.

Chidani chotere si chamasewera. Ku Ulaya chinakhazikika kwa zaka mazanamazana, nichithira manyowa m'munda umene Hitler anadzalamo nkhanza zake, moti pofika mu 1945 Ayuda pafupifupi 6 miliyoni anali ataphedwa. N'chifukwa chake mu 1965 Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, m'chikalata chotchedwa Nostra Aetate, unaletsa kusenzetsa Ayuda onse, akale kapena a lero, mlandu wa imfa ya Yesu. Mu 1986 Papa John Paul II analowa m'sunagoge wa ku Rome nawatchula Ayuda kuti akulu athu.

Ndikuganiza kuti ife a dera lino tiyenera kuimva nkhaniyi msanga kuposa ena. Mishoni ya Mua inayamba mu 1902, ndipo kwa zaka zambiri Mkhristu ankauzidwa kuti za makolo ake n'zamdima. Koma mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni, ndipo nyumba ya Chamare inadzasonkhanitsa zinyau za Gule Wamkulu ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Tinaphunzirapo kuti chikhulupiriro sichimera m'malere. Tsono ngati tavomera kulemekeza makolo otibala, tingafulatire bwanji makolo amene anatipatsa Malamulo Khumi, Masalmo ndi Pasaka? Ngakhale Amen ndi Aleluya, amene timafuula Lamulungu lililonse, ndi mawu a Chihebri.

Paulo, m'mutu 11 wa kalata yake kwa Aroma, anapereka fanizo limene mlimi aliyense wa mango angalimve. Ife a mitundu ina tili ngati nthambi yomezanitsidwa pa tsinde la mtengo wakale. Nthambiyo ingabale zipatso zokoma chotani, madzi imamwera ku mizu imene siinaibzale. Ikayamba kunyoza tsinde, ikudzitemera yokha nkhwangwa.

Wina angandifunse: kodi tiyambe kusunga miyambo yonse ya Chiyuda, kapena kuombera m'manja chilichonse chimene boma la Israel lachita? Ayi. Kulemekeza atsibweni sikutanthauza kusamukira kwawo, kapena kukhala chete akalakwa. Boma lililonse liyenera kuyezedwa pa muyeso wa chilungamo, ndipo muyeso umenewo tinaulandira kwa Amosi ndi Yesaya, aneneri a mtundu womwewo.

Chimene ndikupempha n'chochepa. Mlaliki asamale lilime pa Sabata Loyera. Katekisiti auze ana kuti Yesu ankapemphera m'sunagoge, ndipo kuti lamulo lokonda Mulungu ndi mnzako analitenga m'mabuku a Mose. Kwathu kuno mwana wonyoza kuchikazi kwa bwenzi lake sitimuyesa bwenzi lenileni. Sindikuona chifukwa choti Yesu timchitire zimene mnzathu wa m'mudzi sitingamchitire.