Kodi Wodziwa Mtengo Ndani?

Mwana wa mlongo wanga, wobadwira ku Mtakataka, amene ali kuphunzira za mitengo ndi nkhalango pa sukulu ya ukachenjede, anasankhidwa kuti akakhale mwezi umodzi ku Amani, m'mapiri a Usambara m'dziko la Tanzania, pamodzi ndi ophunzira ena a mu Africa muno ndi a ku Ulaya. Unali ulendo wake woyamba kutuluka m'dziko lino. Anadzera ku Salima, Nkhotakota ndi Karonga, naoloka malire pa Songwe, nayenda pa basi mpaka ku Muheza, kumene mseu uyamba kukwera phiri. Masiku oyamba anali kundisimbira zonse pa foni madzulo ali onse, ndipo mau ake anandisiyira funso limene ndifuna kuti tiliganizire pamodzi, inu owerenga, makamaka inu aphunzitsi amene ntchito yanu ndi kupatsira ena nzeru. Kodi wodziwa mtengo ndani: amene adziwa dzina lake la m'buku, kapena amene anakulira pa tsinde pake? Nanga wodzaphunzira kwa eni ali ndi mangawa anji kwa iwo?

Mnyamatayo anachoka kuno ndi mtima wodzikhulupirira. Potsazika anati, “Amalume, azungu aja ndiwo akavutike, ine ndine mwana wa kuthengo.” Sanali kunama konse. Anakula ali kuweta mbuzi pakati pa milambe ya kunyanja, natola masuku ndi bowa m'nkhalango ya Mua-Livulezi, imene boma linaipatula m'chaka cha 1924. Koma nkhalango yathu ndi ya tsamba ndi mombo: dzuwa lifika pansi, udzu umera, masamba ayoyoka m'chilimwe, moto upita chaka ndi chaka, ndipo munthu ataima pa chulu aona kutali. Ku Amani anapeza zina. Kumeneko mvula ifika pafupifupi mamilimita 2,000 pa chaka, mitengo siivula masamba, ndipo nthambi zake zakumana kumwamba kotero kuti masana aoneka ngati chisisira. Pansi palibe udzu, koma masamba oola ndi mizu yoterera. Malaya amene anachapa Lolemba anali achinyezi kufikira Lachitatu. Tsiku loyamba lomwe anaponda pa mzere wa linthumbu ali kuyang'ana kumwamba, navina gule amene sanaphunzire kwa munthu.

Usiku wachiwiri anawatenga ndi matochi kukaona abilimankhwe, pakuti m'mapiri amenewo muli ena a nyanga zitatu. Mtsikana wina wa ku Ulaya anamuika bilimankhwe pa dzanja lake ngati mwana wa nkhuku. Mwana wa kuthengo uja anaima kumbuyo kwa anzake onse, manja ali m'thumba. Sindimseka; inenso ndikadaima pomwepo.

Koma chimene chinamtsitsa mtima chinachitika tsiku lachitatu. Wowatsogolera m'nkhalango anali bambo wina wachikulire wa mtundu wa Asambaa, eni mapiriwo, munthu wosapita patali ndi sukulu. Iye anawalangiza kuti asapatuke m'njira. Mnyamata wathu anaona anyani akuda a ubweya woyera m'mapewa ali kudumpha m'nthambi, nawatsata pang'ono, nati ndibwerera msanga. Potembenuka, njira panalibe. Mbali zonse zinali zofanana, dzuwa losaoneka, phiri losaoneka, ndipo foni inali chitsulo chabe. Anazungulira nthawi yaitali, mpaka mkuluyo anamupeza potsata pamene nsapato zake zinaterereka m'matope. Sanamkalipire. Anangomuuza mau ochepa m'Chiswahili, ndipo mwa mau onsewo mnyamatayo anamva limodzi lokha, pakuti liri ngati lathu: “hodi”. Mnzake wa ku Tanzania anammasulira kuti mkuluyo akuti pa khomo la eni munthu ayamba wanena odi.

Tiyambe ndi kulemekeza buku, pakuti kulinyoza n'kwapafupi ndipo n'kupusa. M'chaka cha 1753 Carl Linnaeus, katswiri wa ku Sweden, anakhazikitsa njira yopatsa chomera chiri chonse maina awiri a Chilatini, loyamba la fuko lake, lachiwiri lakelake. Chifukwa cha njira imeneyi mwana wa ku Mtakataka, wa ku Uganda ndi wa ku Holland atha kuima pansi pa mtengo umodzi ndi kumvana kuti ali kunena mtengo womwewo. Ndiponso ndi anthu a mabuku amene anayenda maiko ambiri, nafananiza, nazindikira kuti zomera, achule ndi mbalame zina za ku Usambara sizipezeka pena pali ponse pa dziko lapansi. Mkulu uja sakadadziwa zimenezi, pakuti wokhala pa phiri limodzi ayesa kuti za pa phiri lake ziri ponseponse. Makolo sananame pamene anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Tsono tayang'anani mainawo. M'mapiri omwewo mumera kaduwa kofiirira, kokonda mthunzi ndi miyala yonyowa. M'chaka cha 1892 Walter von Saint Paul-Illaire, bwana wa boma la Ajeremani ku Tanga, anatumiza mbeu zake kwao ku Germany, ndipo chaka chotsatira kaduwako anakatcha Saintpaulia. Kuyambira pamenepo kagulitsidwa m'maiko ambiri, nikakongoletsa mazenera a nyumba za ku Ulaya ndi ku America. Pambuyo pake akatswiri anakasamutsira m'fuko lina, la Streptocarpus, koma ogulitsa maluwa sanaleke dzina la bwana uja. Ndipo m'dzinamo simumveka Msambaa ndi mmodzi yemwe, chinkana anthuwo anali kupita pafupi ndi kaduwako potunga madzi bwanayo asanabadwe. Kwathu kuno nkhani ndi yomweyo. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje m'buku ndi Widdringtonia whytei, kukumbukira Alexander Whyte, amene anakwera phirilo m'chaka cha 1891 natola nthambi zake. Kodi anakwera yekha? Kodi katundu anasenza yekha? Buku likumbukira amene anagwira cholembera, ndipo liiwala msanga amene analoza ndi chala.

Apa wina afulumira kunena kuti: basi, eni dziko ndiwo adziwa, ophunzira ndi mbala chabe. Ine sindivomera, ndipo mboni yanga ndi mseu wa ku Golomoti. Matumba a makala amene aima m'mbali mwa mseu umenewu sanaotchedwe ndi alendo. Anaotcha ndife, amene tidziwa mtengo uli wonse ndi dzina la makolo, ndipo kudziwa komweko ndiko kutiuza mtengo wa makala olemera ndi wa makala opepuka. Osema ziboliboli angakuuzeni kutalika kwa ulendo umene ayenda lero kuti apeze mlombwa kapena muwanga wokhwima. Ku Amani nakonso mnyamata wathu anaona minda imene anthu a m'midzi analambula m'nkhalango kuti abzale iliki, zonunkhiritsa tiyi. Sindiweruza waumphawi wofuna ndalama ya feteleza. Ndingonena kuti kukulira pa tsinde la mtengo sikuletsa nkhwangwa.

Nawonso ophunzira ali ndi mlandu wao. Ajeremani anamanga malo ofufuzira za zomera ku Amani m'chaka cha 1902, chaka chomwecho chimene Abambo Oyera anafika kuno ku Mua. Anthu odziwa za nkhalango anabweretsako mtengo wokula msanga wotchedwa Maesopsis eminii, wochokera kumadzulo, naubzala m'malo amene anadula mitengo ya matabwa. Mbalame za milomo ikuluikulu zinakonda zipatso zake, nizimwaza njere m'nkhalango monse, ndipo mtengo wachilendowo unayamba kulanda malo a mitengo ya eni. Anaubzala ndi anthu odziwa dzina lake la Chilatini bwino lomwe.

Motero onse awiri adziwa, ndipo onse awiri atha kuononga ndi nzeru zao zomwe. Pamene pali kusiyana ndi pa kalowedwe. Taganizani za manda a m'midzi mwathu. Pozungulira ponse pangakhale mbee, koma pa manda mitengo iri chiimire, yaitali ndi yamthunzi. Palibe waya, palibe mlonda wa mfuti. Chisunga mitengo imeneyo ndi chakuti munthu salowamo popanda chilolezo cha mfumu, ndipo ngakhale mwana wamng'ono adziwa kuti malowo ali ndi eni. Mwana wa mlongo wanga sakadalota kulowa m'manda a mudzi wa eni chifukwa chotsata anyani. Mwambo umenewu anaudziwa kuyambira ubwana. Anangouiwala ataoloka Songwe, poyesa kuti kabuku ka m'manja mwake ndi chilolezo.

Nanga mangawa aja? Ena ati mkulu wotsogolera analandira malipiro ake, nkhani yatha. Malipiro ayenera kuperekedwa ndithu, ndipo akhale okwanira; koma ndalama ya tsiku ilipira miyendo ndi thukuta la tsikulo. Siilipira zaka makumi anai zimene munthuyo anaphunzira kusiyanitsa khungwa ndi khungwa, kulira kwa mbalame ndi kulira kwa mbalame inzake. Wophunzira akalemba nzeru zimenezo m'kabuku, napita nazo kwao, nalandira nazo ulemu ndi ntchito, osatchula amene anampatsa, ine ndiyesa kuti wakhudza lamulo lachisanu ndi chiwiri, chinkana palibe bwalo la milandu limene lingamuitane. Ife a ku Mua tiyenera kumva msanga nkhani imeneyi. Chiyambire 1976, pamene Bambo Claude Boucher anakhazikitsa Kungoni, ophunzira a maiko akutali akhala ali kufika kuno ndi makope ao, naona nyumba ya Chamare, nafunsa akuluakulu za gule wamkulu, za chinamwali ndi za ngoma ya Angoni. Tidziwa kukoma kwa mlendo amene afunsa dzina la nkhalamba imene yamuyankha, nalilemba, nadzabweranso kudzaionetsa chimene analemba. Winayo timdziwanso. Ndipo inu aphunzitsi, mwambi uja mumakometsa nao phunziro la Lamulungu, munaumva kwa yani?

Mlungu wotsiriza mnyamatayo anandiwerengera pa foni mau othokoza a kumapeto kwa lipoti lake. Munali maina a aphunzitsi ake onse, ali yense ndi udindo wake. Ndinafunsa kuti, “Nanga bambo aja anakutola m'nkhalango?” Anakhala chete, kenaka anati, “Amalume, dzina lao sindilidziwa. Tonse tingowaitana kuti Mzee.” Anayenda nao milungu itatu. M'mawa mwake anapita kukafunsa, ndipo mkuluyo anamtchulira maina ake pang'onopang'ono, nayang'anitsitsa kuti alembedwe bwino.

Atabwera kuno, mvula itagwa, anaperekeza agogo ake, mai anga, kukazula bowa m'munsi mwa phiri. Gogoyo anali kuloza ndi ndodo: uwu ndi utale, awa ndi manyame, uwo usaukhudze. Mnyamatayo anatulutsa kabuku, nayamba kulemba tsiku ndi malo, nafunsa agogo ake kuti amtchulire dzina lao lonse ndi mfunda wao. Gogoyo anatula dengu pansi, namuyang'ana, nati, “Dzina langa ulilembera chiyani, mwana iwe? Ndalakwanji ku boma?”